Mapadi a PS4 abwerera patangotha milungu 6, kasitomala wandipatsa nyenyezi imodzi

Bambo a Tadala, Area 25

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno kuli bambo wina ali ndi malo osewerera magemu, ma PS4 anayi, ana amalipira n'kumamenya FIFA. Anandibweretsera mapadi 8 (ma controller ogwira m'manja posewera), onse analogi ya kumanzere, kandodo koyendetsera wosewera kaja, ikuyenda yokha, wosewera akuthamangira ku kona chala usanaikepo. Ndinazula ma analogi akalewo n'kuika atsopano, module yonse, osati zongopopera spray. Onse ndinawayesa asanatenge. Lero patha milungu 6, asanu abwerera ndi matenda omwe aja, ndipo akuti ina mwa iwo inayamba tsiku lachitatu lenileni.

Bambowo sanandiimbire n'komwe. Alemba pa Google ndi pa tsamba langa la Facebook kuti ndine wakuba, ndimaika zinthu zakale. Ndemanga zanga pa Google n'zochepa kale, ndiye nyenyezi imodzi yomweyi yagwetsa zonse. Vuto lili pa katundu amene ndikugula kapena pa manja anga? Nanga ndemangayi ndiitani?

Nabanda, Joni

Achimwene, tisanaweruze manja anu, tiuzeni zitatu. Malo awowo amatsegula nthawi yanji ndi kutseka nthawi yanji? Ma module munaikawo ndi a ALPS enieni kapena aja opanda dzina ogulitsa m'mapaketi a 10? Ndipo mumati munawayesa, munayesa ndi chiyani?

Bambo a Tadala, Area 25

Amatsegula cha m'ma 9 m'mawa mpaka 7 kapena 8 usiku, Loweruka kupitirira apo. Sukulu zikatsekera ndiye padi siipuma. Ma module ndi a m'paketi, pachitsulo palibe chilembo. Kuyesa ndimayesa pa PS4 yanga ya pashopu, ndimalowa mu FIFA n'kuona ngati wosewera waima.

Nabanda, Joni

Ndiye tengani calculator. Analogi ya DualShock 4 (padi ya PS4) ndi ya DualSense (padi ya PS5) ndi banja limodzi, ya kampani ya ku Japan ya ALPS. Mkati muli ma potentiometer awiri, wina wa kumwamba ndi pansi, wina wa kumanzere ndi kumanja. Kachitsulo kakang'ono kamakwecha pa njira ya carbon nthawi iliyonse chala chikasuntha. Pepala la ALPS lomwe limanena kuti moyo wake ndi maulendo 2,000,000. Mu February 2021, nkhani ya drift (analogi kuyenda yokha) ya PS5 itavuta, a iFixit, tsamba la okonza zipangizo, anatenga nambala imeneyi n'kuwerengera: munthu akamazunguza analogi ka 80 pa mphindi, maulendo 2 miliyoni amatha pa mphindi 25,000, omwe ndi maola 417. Wosewera kunyumba maola awiri patsiku amafika pamenepo patatha masiku 209.

Tsopano ikanipo maola 10 patsiku a kasitomala wanu. 417 kugawa ndi 10, masiku 42. Milungu 6 ndendende.

Sindikunena kuti analogi iliyonse imafa pa ola la 417, ena amapitirira kutali. Koma nambala imeneyo ndi ya ALPS yeniyeni, ndipo inu munaika zopanda dzina, m'manja mwa ana amene amakankha analogi ndi mphamvu zonse akamathamangitsa mpira. Anayi aja anatha chifukwa agwira ntchito, basi. Buleki ya njinga ya kabaza siingakhale mofanana ndi ya njinga yopitira ku tchalitchi Lamulungu lokha.

Che Mjomba, Mangochi

Masamu amenewa ndawalemba pa khoma. Zikomo achemwali.

Mdala wa pa Limbe

Nabanda wanena zoona pa anayiwo. Ine ndikufuna ya tsiku lachitatu ija, chifukwa imeneyo si kutha ayi.

Mwana wanga, FIFA si chida choyezera. Gemu iliyonse ili ndi kadera ka pakati komwe imanyalanyaza kusuntha pang'ono. Analogi yatsopano ikhoza kukhala itapendekeka kale, ili m'mphepete mwa kaderako, wosewera n'kuima bwinobwino pamaso pako. Pakapita masiku awiri sipilingi yakhazikika, yadutsa malire, kasitomala wabwera akukalipa. Padi iliyonse inachitidwa calibrate, kutanthauza kuphunzitsa bodi pomwe pali pakati pa analogi, ku fakitale ndi analogi imene inabadwa nayo. Ukaika ina, bodi imakumbukirabe pakati pa yakale ija.

Lumikiza padiyo ndi USB pa kompyuta, tsegula tsamba loyezera ma gamepad, uone manambala analogi ili chiimire. Utiuze.

Bambo a Tadala, Area 25

Ndayesa, mdala. Ya tsiku lachitatu ija yapendekera kumanzere koma nambala ili phee, sikugwedezeka. Anayi enawo nambala ikuvina yokha, ndipo ndikazunguza pang'onopang'ono pali malo ena imadumpha.

Mdala wa pa Limbe

Ndi matenda awiri osiyana amenewo. Yopendekera koma yokhazikika ndi calibration. Yovina ndi kudumpha ndi carbon yodyeka kapena fumbi lake lomwe ladzaza pa njira. Yoyambayo ingochita calibrate, usaizule.

Pali tsamba laulere lomwe limagwira pa Chrome, limalankhula ndi DualShock 4 ndi DualSense kudzera pa USB n'kulemba pakati patsopano m'bodi momwemo. Uchite pa laputopu ya batire yodzadza, osati pa desktop, chifukwa magetsi akathima ili mkati mosunga ukhoza kupha padi. Limathandizanso kudziwa mapadi a feki, amene adzaza mumsika. Yeniyeni ya mtundu wachiwiri pa bodi pamalembedwa JDM-040, JDM-050 kapena JDM-055. Ukatsegula n'kupeza bodi yachilendo yopanda zimenezi, muuze mwini wake usanayatse n'komwe soldering.

Jah Solder, Mzuzu

Za analogi mwamaliza akuluakulu. Za ndemangazo n'zosavuta bwana. Gulu lino tilipo angati? Aliyense alembe nyenyezi zisanu, wina auzeko mkazi wake ndi alamu ake, pofika mawa imodzi ijayo yamira. Palinso anyamata pa Facebook amagulitsa ndemanga, 50 pa mtengo wa module zingapo. Makampani akuluakulu omwe amachita zomwezo.

Aphiri, Manchester

Amachita, ndipo amagwidwa. Mu October 2013 bungwe loona za malonda achilungamo ku Taiwan linalipiritsa Samsung ndalama za kumeneko 10 miliyoni chifukwa cholemba anthu ganyu yoyamikira mafoni ake ndi kunyoza a HTC pa intaneti. Mu 2015 Amazon inasumira anthu 1,114 amene ankagulitsa ndemanga pa Fiverr, tsamba la maganyu a pa intaneti, ena pa $5 yokha. Ku America FTC, bungwe la boma loteteza ogula, inakhazikitsa lamulo loletsa kugula kapena kugulitsa ndemanga zabodza lomwe linayamba kugwira ntchito mu October 2024, chindapusa chake chinaikidwa mpaka $51,744 pa mlandu umodzi. Kuno ku UK kuyambira 6 April 2025 ndi mlandu, ndipo CMA, bungwe la boma loona za malonda, ikhoza kudula kampani mpaka 10 peresenti ya ndalama zomwe imapeza pa chaka dziko lonse. Google inalonjeza kwa CMA yomweyo mu January 2025 kuti mabizinesi a kuno ogwidwa ndi ndemanga zabodza iziwapachika chenjezo pa tsamba lawo.

Ndikudziwa muti FTC siifika ku Area 25. Zoona. Koma Google imafika. Shopu yomwe yakhala ndi ndemanga zochepa zaka zonsezi, usiku umodzi n'kulandira 30, ina yochokera ku Mzuzu, ina ku Joni, ina kwa ine kuno ku Manchester, zonse zotamanda padi ya ku Lilongwe. Makina awo amayang'ana zimenezo. Azichotsa, ndipo yotsala ndi ya bambo uja, chifukwa ndi yokhayo ya kasitomala weniweni.

Ndipo bamboyo ali ndi maso. Akaona zimenezo ajambula n'kuponya m'magulu a WhatsApp a eni malo a magemu. Pamenepo mawu oti wakuba aja mwawasainira nokha.

Jah Solder, Mzuzu

Ndiye angokhala chete munthu akumutcha wakuba pagulu? Osachita report kuti aichotse?

Aphiri, Manchester

Report akhoza kuchita, koma Google imachotsa yophwanya malamulo ake: zotukwana, za munthu amene sanagulepo, za mnzako wopikisana naye. Kasitomala amene wakwiya ndi ntchito yomwe inachitikadi nthawi zambiri amamusiya. Amene angasinthe nyenyezi imeneyo ndi mwini wake yekha. Ndipo samalani, kumuuza kuti ndikukonzerani ulere mukachotsa ndemanga n'koletsedwanso pa malamulo a Google omwewo. Chololedwa n'kupempha makasitomala enieni kuti alembe zomwe aona, onse, osati kusankha okondwa okha, ndipo popanda kuwapatsa kanthu.

Mdala wa pa Limbe

Jah, khala pansi ndikuuze za Xbox 360, chifukwa unali mwana.

Inatuluka November 2005. Zoyambirirazo zinkafa ndi magetsi atatu ofiira pa batani loyatsira, azungu n'kuzitcha Red Ring of Death. Okonza dziko lonse tinali ndi mankhwala amodzi: kuchotsa ma X-clamp, kumanga heatsink ndi mabawuti, kuwotcha GPU (chip ya zithunzi) ndi heat gun. Eni ake ena ankaikulunga m'thaulo ili yoyaka kuti izitenthe yokha. Inkadzuka ndithu, kasitomala n'kulipira akumwetulira, pakapita mwezi kapena iwiri yabwerera, ndipo wakuba ndi wokonza. Mu July 2007 Microsoft inavomera, inawonjezera waranti kufika zaka zitatu pa vuto limeneli, n'kupatula ndalama zoposa $1 biliyoni zokonzera. Koma chenicheni anadzachinena poyera mu 2021, mu filimu yawo ya mbiri ya Xbox: chomwe chinkathyoka ndi timfundo ta mtovu wowotcherera (solder) ta mkati mwa GPU momwe, pakati pa chip ndi kabodi kake, chifukwa chotentha ndi kuzizira mobwerezabwereza. Si mipira ya pansi pa bodi yomwe tonse tinkalimbana nayo. Moto unkangogwirizitsa mng'alu kwa kanthawi. Zinadzakhala bwino ndi bodi ya Jasper kumapeto kwa 2008. Mpaka lero munthu akabwera ndi 360 yonenepa ndimayamba ndawerenga ma amp olembedwa kumbuyo kuti ndidziwe bodi yake: 16.5A ndi zoyamba zija, 14.2A ndi Falcon, 12.1A ndi Jasper.

Ndikunena izi chifukwa chilema chikachokera ku fakitale, kasitomala sapita kwa Microsoft ku Redmond kapena kwa Sony ku Tokyo. Amabwera kwa amene anagwira chinthucho komaliza. Ndiye chomwe chimakuteteza si nyenyezi za alamu ako, ndi zomwe unamuuza asanalipire, zolembedwa pa lisiti.

Nabanda, Joni

Ndipo drift yafika kale m'makhothi, si nkhani ya ife a m'misika tokha. Nintendo anasumiridwa ku America mu July 2019 chifukwa cha Joy-Con, mapadi a Switch. Mu June 2020 mkulu wa kampaniyo, Shuntaro Furukawa, anapepesa pamaso pa eni masheya. Bungwe la ogula la ku Ulaya, BEUC, linakadandaula ku European Commission mu January 2021 litalandira madandaulo pafupifupi 25,000, ndipo mu April 2023 Nintendo inavomera kukonza ma Joy-Con a drift ulere ku Ulaya ndi ku UK ngakhale waranti itatha. Sony nayo inasumiridwa mu February 2021, PS5 itangotha miyezi itatu pamsika. Kenako mu 2023 anatulutsa DualSense Edge yomwe analogi yake umaizula ndi dzanja n'kugula ina pa $20. Anthu amenewa akudziwa kuti chinthucho chimatha, anangochisandutsa malonda.

Za lisiti, kuno ku South Africa lamulo linatiganizira kale. Consumer Protection Act ya 2008, gawo 57, imati wokonza amapereka waranti ya miyezi itatu pa chipangizo chomwe waika ndi pa ntchito yake. Koma gawo lomwelo limati siikhudza kutha kwa masiku onse molingana ndi momwe chinthucho chimagwiritsidwira ntchito, ndipo imafa ngati mwini wake wachizunza. Ndiye pa kabuku kanga funso loyamba ndi lakuti padiyi ndi ya pakhomo kapena ya bizinesi. Ya bizinesi ili ndi mzere wakewake ndipo kasitomala amasaina.

Bambo a Tadala, Area 25

Ndamva. Koma ngakhale ndilembe pa lisiti, bambowa sangamabwere mwezi ndi theka uliwonse ndi mapadi 8. Adzangopita kwa wina amene adzawanamiza kuti zake sizitha. Palibe chokhalitsa?

Nabanda, Joni

Chilipo, ma analogi a maginito, a Hall effect. Mulibe chokwecha. Kamaginito kamayenda pafupi ndi sensa, sensa n'kumawerenga patali. Si zatsopano, Sega inaika zimenezi mu padi ya Dreamcast kalekale. Tsopano pali ma module olowa m'mabowo omwewo a DualShock 4, ndipo kwabweranso a TMR, amaginitonso koma odya batire pang'ono. Kwa eni malo a magemu ine ndinasiya kuika a carbon.

Koma mverani bwino apa. Gulani olembedwa kuti ndi a PS4. A PS5 ndi a Xbox amaoneka chimodzimodzi koma mawaya a sensa ndi osiyana, mukasokoneza analogi siigwira kapena iyenda chobwerera. Mukaika, calibrate ndi lamulo, pakati ndi m'mphepete momwe, apo ayi ikhala yoipa kuposa yomwe mwachotsa. Ndipo musawauze kuti siidzafanso. Sipilingi yobwezera analogi pakati ndi yomweyo, imatopa. Batani la L3, lodina pa analogi lija, limathanso. Chomwe mwachotsa ndi matenda a carbon okha, omwe ndi amene akukuvutani panopa.

Nintendo okha pa Switch 2 ya 2025 sanaike Hall effect, ndiye ntchito siitithera msanga.

Che Mjomba, Mangochi

Ine vuto langa ndi kuzula. Miyendo 14 ija, inayi ya chitsulo imakana kusungunuka, ndang'ambapo njira za pa bodi.

Mdala wa pa Limbe

Chifukwa mtovu wa ku fakitale ndi wopanda lead, umafuna moto wambiri, ndipo miyendo inayi ya chitsuloyo yakhala pa ground yomwe imamwa kutentha konse. Yamba wathira mtovu wako wa lead pa mwendo uliwonse kuti zisakanikirane, flux wambiri, nsonga yaikulu ya soldering osati ya singano. Module yakaleyo ndi yotaya kale, ndiye idule ndi side cutter, ma potentiometer uwapatule, uzule chidutswa chimodzichimodzi. Osakanula ndi screwdriver mtovu usanasungunuke. Ya maginito poika usachedwetse moto pa miyendo ya sensa.

Amene mukuikabe a carbon, yezani yakale ndi mita pa miyendo iwiri ya m'mbali musanagule. Pamsika pali a 10k ndi a 2.3k, ikani yofanana ndi yomwe mwachotsa. Ndipo WD-40 ichoke pa tebulo. Spirit wa papo uja nayenso amasiya zotsalira. Isopropyl basi.

Jah Solder, Mzuzu

Chabwino, za alamu ndazisiya. Koma ayankhe chiyani pa Google? Ine ndikanalemba kuti bwana ana anu ndi amene amaswa mapadi ndi manja a mafuta a chips.

Aphiri, Manchester

Zimenezo n'zoona mwina, koma yankho silikupita kwa bamboyo yekha, likuwerengedwa ndi munthu amene akufuna wokonza mwezi wa mawa. Muwaimbire kaye, kulemba kubwere pambuyo. Kenako zonga izi:

Zikomo bambo. Mapadi 8 tinaika ma analogi atsopano, ndipo akale tinawasunga, mukhoza kudzawaona. Imodzi inafunika calibration, taichita popanda kulipiritsa. Anayi adyeka mkati chifukwa analogi ya mtundu umenewu imatha msanga pa malo osewera tsiku lonse. Tili ndi mtundu wa maginito wosadyeka chotero, bwerani tikuonetseni kusiyana kwake pa kompyuta.

Osatchula mawu oti wakuba, osatchula dzina la malo awo. Akale aja munasungadi?

Bambo a Tadala, Area 25

Ali m'kachitini, sinditaya. Ndiwaimbira madzulo ano.

Nabanda, Joni

Muwauzenso zowathandiza iwowo. Mapadi awalembe manambala ndi marker kuti mudziwe yomwe yakonzedwa liti. Akhale ndi awiri apadera ozungulira, asamadikire onse afe. Madzulo azipukuta m'khosi mwa analogi, chifukwa pulasitiki ya chipewa imadyeka pokhuzana ndi chikombole cha padi, ufa wake n'kugwera mkati. Zipewa zodyeka m'khosi musinthe limodzi ndi module.

Bambo a Tadala, Area 25

Ndabwera ndi lipoti. Anabwera dzulo nkhope ili gwa. Ndinalumikiza padi yovina ija pa laputopu, kenako yomwe ndachita calibrate, anaona okha kusiyana. Ndinatsegula potentiometer imodzi n'kuwaonetsa mzere womwe carbon yadyeka mpaka kuwala. Masamu a maola 417 anawerengera okha pa foni yawo, kawiri.

Tagwirizana kuti mapadi awiri, nambala 1 ndi 2, ndiike a maginito, agule module okha, ntchito ndisawalipiritse. Awiri enawo ndiika a carbon pa mtengo wa kale, lisiti yolembedwa kuti ndi ya bizinesi. Onse azigwira ntchito pa TV imodzi kuti tione pakatha miyezi iwiri. Za ndemanga sindinatchule. Ya pa Facebook achotsa okha, ya pa Google ikadalipo, yankho langa lili pansi pake.

Achemwali a ku Joni, ma module a PS4 amaginitowo kumeneko amapezeka pafupi? Oitanitsa ku China akuchedwa.

Nabanda, Joni

Amapezeka. Ndili ndi a Hall ndi a TMR ochepa, ndikupatsani awiri a mtundu uliwonse kuti padi 1 ikhale Hall, padi 2 TMR, muyese zonse nthawi imodzi. Pali munthu akukwera basi Lachisanu. Nditumizireni ku inbox chithunzi cha bodi, ndione nambala ya JDM ndisanapakire.

Che Mjomba, Mangochi

Muikemo anayi anga, ndalama nditumiza kwa Bambo a Tadala.